Kava ya Loweruka

Mwezi wa Okutobala ukafika, mitengo ya jakaranda imayoyola maluwa mpaka msewu wochokera ku siteshoni ya Woodridge umaoneka ngati wina wayalapo nsalu ya chibakuwa. Kalolaine ankayenda pamenepo pang'onopang'ono, akusankha poponda. Thupi linali pamsewu, koma mtima unali utafika kale ku Loweruka la sabata yotsatira.

Tsiku limenelo Lisiate anali woti adzabwera ndi anzake kudzapempha kava, chakumwa cha mwambo chopangidwa ndi mizu yosinja, kwa bambo a Kalolaine. Ife a ku zilumba za Tonga, ngakhale amene tinabadwira kuno ku Australia, timadziwa kuti chikondi cha pafoni ndi mphepo chabe. Mnyamata akatsimikiza mtima, amatenga anzake n'kukagogoda kwa makolo a mtsikana, kupempha kuti mwana wawo akhale tou'a, ndiye kuti wosungunula kava n'kumatungira amuna. Mnyamatayo amakhala pafupi naye, anzake akuimba, zikho za chigoba cha kokonati zikuyenda dzanja ndi dzanja. Palibe amene amatchula za ukwati, koma aliyense amabwerera kwawo atamva.

Foni inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wa Lisiate.

"Adokotala a tizilombo, mwatsika sitima? Kava ndagula kale. Gitala ndamugulira zingwe zatsopano."

Kalolaine anaima pansi pa mtengo, akumwetulira yekha.

"Sindine dokotala, ndikuuze kangati? Ndipo ukadzaimba ngati mmene unaimbira pa Khirisimasi, bambo adzakupirikitsa ndi tsache."

"Adzandimvera chisoni n'kundipatsa iwe kuti ndikhale chete."

Duwa lina linagwera pagalasi la foni. Sanalichotse msanga. Ankadziona atakhala pamkeka, miyendo atapindira pambali, manja ali m'mbale yaikulu yosema, Lisiate akuyang'ana pansi ngati mwana wa Sande sukulu. Ankamva ngakhale fungo la kavayo, fungo la dothi mvula ikangoyamba kugwa.

* * *

Koma mumpingo mwawo munali mutalowa nthenda. Inayamba ndi mwana mmodzi, kenako inafalikira m'nyumba zina: pakhosi kuwawa, thupi kutentha, lilime psuu ngati sitiroberi, khungu lokhakhala ngati mchenga. Madokotala ankaitcha sikaleti fiva. Fusi, kamwana ka mlongo wake wa Lisiate, kanadwala kwambiri mpaka kugonekedwa m'chipatala. Anamwino a boma anayamba kuyenda m'makomo, akukanda anthu pakhosi ndi kathonje, n'kumatumiza zonse ku labu imene Kalolaine ankagwirako ntchito.

Lamlungu mapemphero atatha, azimayi anaima pansi pa mtengo wa mango akumwa 'otai, chakumwa chozizira cha mavwende ndi kokonati. Kalolaine ndiye ankatunga. Atapereka kapu kwa mayi 'Akanesi, iwo sanatambasule dzanja.

Mayi 'Akanesi anali azakhali a Lisiate, mlongo wamkulu wa bambo ake. Kwathu azakhali otere akakweza chala, banja lonse limaimirira.

"Ika pansi, mwanawe," anatero mokweza kuti onse amve. "Manja amenewo sabata yonse amasewera ndi tizilombo, lero ndiye atimwetse?"

"Azakhali, ife timavala magolovesi, komanso..."

"Azakhali a yani? Mwana wa mlongo wanga sanakwatire. Chiyambireni mpingo uno, nthenda imeneyi tinaionapo ife? Wangoyamba ntchito yake ya m'mabotolo uyu, ana athu ayamba kufiira ngati nkhanu zophika."

Azimayi ena anayang'ana m'makapu awo. Pamenepo anatulukira Siutiti, mtsikana wa tsitsi lofika m'chiuno amene azakhaliwo ankamufunira Lisiate kuyambira kalekale. Analanda jagi mofatsa, mawu ake ngati uchi.

"Bwera nayo ndiwatungire ine, Kalo. Iwe kapume, mutu watopa ndi maphunziro."

Kalolaine sanabadwe ndi pakamwa poyankha. Mawu ankamubwerera nthawi zonse atafika kale kunyumba. Anapita kumpopi wa kuseri kwa tchalitchi n'kuyamba kusamba m'manja, kusamba, kusambabe, ngakhale kuti munalibe kanthu. Ali komweko anamva mawu a azakhali akudutsa pakati pa masamba a mango.

"Kava ya Loweruka imeneyo, ine ndili moyo, ayi."

* * *

Anakumana ndi Lisiate Lachiwiri madzulo m'mbali mwa mtsinje wa Logan. Dzuwa linali litapendeka, madzi akunyezimira ngati mkuwa, mileme ikuyamba kudutsa m'mwamba imodziimodzi. Anakhala pabenchi, pepala la tchipisi lili pakati pawo.

"Azakhali asakusowetse tulo," anatero Lisiate. "Ngakhale mvula ikagwa pa ukwati amapeza woiyambitsa."

"Bambo ako akamva kuti azakhali akana, adzakulola kubwera?"

Lisiate anatafuna nthawi yaitali. "Azakhali akadzadziwa kuti nthendayi sinachokere kwa iwe, adzasowa chonena. Koma adzadziwa bwanji? Kachilombo kali ndi chiphaso?"

"Kali nacho," Kalolaine anatero, maso akuwala. Pa nkhani imeneyi pokha ndi pamene manyazi ankamuthawa. "Tizilombo nato tili ndi mtundu, Lisi. Tili ndi agogo, azisuweni, zidzukulu. Kathonje kaja kakafika kwathu, timamera tizilomboto m'kambale, kenako makina amawerenga DNA yake yonse, kuyambira kumutu mpaka kumchira. Akatero kompyuta imajambula mtengo, nthambi pamwamba pa nthambi, ngati mmene amayi ako amawerengera achibale pamaliro. Tiwiri tikakhala pa kanthambi kamodzi, ndiye kuti tasiyana posachedwa. Ukatsatira nthambizo, umafika pamene zinayambira."

"Ndiye ukudziwa kale amene wabweretsa?"

"Ine ndimaona manambala okha, maina ali ndi anamwino. Ndipo abwana atamva kuti ndi mpingo wanga, anandichotsapo. Ndidzamva Lachinayi pamodzi ndi wina aliyense."

"Ngakhale munthu amene sakudwala angapezeke pamtengopo?"

"Ambiri amakasunga pakhosi osadziwa. Anakukanda nawenso?"

"Amuna tonse. Ndinatsala pang'ono kumusanzira namwinoyo. Chimunthu chonsechi kulira ndi kathonje!"

Kalolaine anaseka mpaka misozi. "Iwe usaope. Zisanayambe izi paja unali ku Toowoomba, kuntchito. Tizilombo ta kuno sitikudziwa n'komwe."

Lisiate sanaseke. Anatola tchipisi n'kuponyera mbalame imene inali kuwazungulira. Kalolaine anaganiza kuti akudandaula za Fusi, choncho anatsamiritsa mutu paphewa pake. Malaya ake ankanunkhira sopo ndi dzuwa.

"Nthawi zina ndikamayang'ana mitengo imeneyo ndimaganiza za ife," ananong'ona. "Nthambi yako, nthambi yanga, kenako tinthambi ting'onoting'ono."

"Tingati?"

"Khala chete iwe."

"Ndikufuna ndidziwe kukula kwa galimoto yoti ndigule."

Mileme inachuluka mpaka thambo linaoneka ngati likuyenda. Kalolaine anatsinzina, akumva mtima wa Lisiate ukugunda. Unkagunda mothamanga, ndipo iye anaganiza kuti ndi chikondi.

* * *

Lachinayi holo ya mpingo inadzaza. Mayi Narelle, namwino wamkulu wa zaumoyo m'derali, anavula nsapato pakhomo monga anaphunzirira, n'kuonetsa chithunzi pakhoma. Unali mtengo wa mizeremizere, wokhala ndi timadontho tofiira kumapeto kwa nthambi. Abusa anaima pambali kumasulira. Azakhali 'Akanesi anali pamzere wakutsogolo, akudzikupiza ndi chikupiziro cha masamba. Sanadikire n'komwe nthawi ya mafunso.

"Mufunseni mayiyu, abusa. Kachilomboka sikanathawe m'botolo la munthu wina amene ali muno?"

Kalolaine, amene anakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, anamva makutu akutentha.

"Ayi, mayi," anayankha a Narelle. "Mtundu umenewu ndi watsopano kuno. Labu inayamba kuuona pakhosi pa mwana woyamba kudwala, m'mbuyomo sunafikeko. Abale ake apafupi aoneka kutsidya kwa nyanja, ku New Zealand. Onani kanthambi aka. Madontho awa ndi ana, awa ndi amuna akuluakulu amene sakudwala n'komwe. Maina sinditchula. Koma titacheza nawo, onse anatiuza chinthu chimodzi: anakhala pa kava imodzi mwezi watha, yolandirira alendo."

Amuna a m'holomo anayang'anana.

"Palibe wolakwa," anapitiriza. "Chikho chimayenda, kachilombo kamayenda nacho. Bambo amapita nako kunyumba osadziwa, n'kukapsompsona mwana wake. Amene tawapeza nako tawapatsa penisilini, amalize yense. Kava musasiye, koma kwa masabata akubwerawa aliyense akhale ndi chikho chakechake."

Panalibe wofunsa kuti ndi kava iti. Alendo a ku Auckland, ku New Zealand komweko, analandiridwa kamodzi kokha, m'garaja ya bambo a Siutiti, ndipo amene anaitanitsa kavayo anali azakhali 'Akanesi eni ake. Chikupiziro chija chinaima m'malere.

"Ndiye tizimwera m'makapu a pepala ngati ana pa phwando?" anafunsa mkulu wina wopanda mano kutsogolo. "Kenako mutipatsa ndi timapaipi toyamwira!"

Holo yonse inaphulika ndi phwete, phwete la anthu amene asenzulidwa katundu. Azimayi amene anayang'ana m'makapu Lamlungu lija tsopano ankatembenuka kumwetulira Kalolaine. Iye anamva thupi likupepuka ngati angathe kukwera m'mwamba ndi mawu a nyimbo yotsekera. Loweruka linabwerera m'malo mwake, lowala, lonunkhira dothi la mvula.

Anthu akutuluka, wina anamugwira pamkono. Anali Siutiti.

"Pepa, mnzanga, anakunamizira," anatero, akumukonza kolala ya diresi. "Koma uzimukumbutsa Lisiate kumwa mankhwala ake. Munthu uja ndi woiwalaiwala. Jekete lake mpaka lero lili kwathu, chisiyireni tsiku la kava lija."

"Tsiku liti?"

"Aa, sanakuuze? Tou'a ndinali ine. Anakhala apa," anagunda m'chiuno mwake. "Amamwa bwino, satayira."

* * *

Anamupeza Lisiate poimika magalimoto, atatsamira chitseko. Atangoona nkhope ya Kalolaine, anaimirira bwinobwino.

"Toowoomba," anatero Kalolaine.

"Kalo, tandimvera."

"Tulutsa za m'thumbamo."

Lisiate anapisa dzanja n'kutulutsa kapaketi ka mapiritsi. Anakayang'ana ngati akukaona koyamba.

"Ku Toowoomba ndinapitadi, koma ndinabwerako msanga. Azakhali anaimba foni, akuti bwera udzanyamule mipando ya alendo. Nditafika ndinapeza mipando yanyamulidwa kale, amuna akhala, malo atsala amodzi okha. Ndikanatani? Ndiwakane azakhali pamaso pa alendo?"

"Malo amodziwo anali pafupi ndi tou'a."

"Sindinamulankhule ngakhale mawu amodzi! Funsa aliyense. Ndinangoti gwa ngati mtengo wa magetsi."

"Lachiwiri ndinali paphewa pako, Lisi. Ndinakuuza ndekha kuti unali ku Toowoomba, iwe n'kumaponyera mbalame tchipisi. Lamlungu lija anandinyoza pagulu, iwe ukudziwa kuti..."

"Sindinkadziwa kuti ndi kava! Ndikulumbira. Ndinayamba kuopa pamene unandifotokozera za mtengo uja. Namwino anandiimbira dzulo. Ndinafuna kukuuza, koma ndinalephera." Kenako mawu ake anatsika. "Fusi ndimamunyamula tsiku lililonse ndikachoka kuntchito. Amandiluma mphuno. Mwina ndine ndinamupatsira."

Apa Kalolaine anamuyang'ana. Chimnyamata chonse chija chinali chitafota, maso atadzaza. Mkwiyo wake unafuna poima n'kusowa.

"Nawenso sunkadziwa," anatero motsitsa. "Fusi achira, mankhwala ayamba kale kugwira. Koma za Toowoomba unkadziwa."

"Ndinaopa kuti ukamva, Loweruka ufafaniza."

Mphepo inabweretsa maluwa a jakaranda kuchokera kumsewu, akugubuduka pa phula. Kalolaine anawatsatira ndi maso mpaka anakaima pa tayala la galimoto.

"Palinso china chimene sunandiuze?"

Lisiate anatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo amayi ake anamuitana kuchokera pakhomo la holo kuti akathandize kukweza azakhali m'galimoto.

"Loweruka," anatero akubwerera chambuyo. "Ndidzakuuza zonse ndili pafupi nawe, pamaso pa bambo ako. Ndibwere?"

Kalolaine anangogwedeza mutu movomera pang'ono, pang'ono kwambiri, koma Lisiate anaona.

* * *

Lachisanu anapita kusitolo ya munthu wina wa ku Fiji ku Logan Central n'kugula zikho zatsopano za kokonati, kuti mwamuna aliyense adzakhale ndi chake. Anazitsuka ndi madzi otentha, n'kuziyanika pakhonde. Chimodzi chinali chakuda kuposa zinzake, chosalala ngati mwala wa mumtsinje. Chimenecho anachiika padera.

Mauthenga a Lisiate ankangobwera.

"Ndamwa piritsi la m'mawa."

"Ndamwa la masana. Likuwawa ngati mawu ako."

"Fusi watuluka m'chipatala. Wandiluma mphuno."

Kalolaine anayankha womaliza wokha, ndi kamtima kamodzi. Ataona kuti wafulumira, anafuna kukafufuta, koma kanali katawerengedwa kale.

Loweruka linacha lopanda mtambo. Amayi ake anayala mikeka pabalaza, n'kutulutsa mbale yaikulu yosema imene agogo anabwera nayo kuchokera ku chilumba cha Vava'u, ku Tonga. Kalolaine anavala diresi yoyera, anamanga kiekie m'chiuno, timizere take tolukidwa tikulendewera mpaka m'maondo. Amayi anamudzoza mafuta a kokonati m'manja ndi m'mapewa, akung'ung'udza nyimbo imene anati inaimbidwa tsiku limene bambo anabwera kudzapempha kava kwawo.

"Bambo ako anatayira chikho choyamba pamwendo pa agogo ako," anatero. "Ndi mantha. Usadzawauze kuti ndakuuza."

Bambowo, a Sekope, kuyambira m'mawa sanalankhule zambiri. Analandira foni ina ali kumunda wawo wa chilazi kuseri kwa nyumba, ndipo atabwerako anangovala malaya a tchalitchi n'kukakhala pampando pafupi ndi geti. Kalolaine anaganiza kuti ndi ulemu wodikira alendo.

Dzuwa litapendeka, magalimoto awiri anaima pamsewu. Kalolaine anasuzumira pa mawindo a magalasi opendekera. Anyamata anatsika atavala mikeka yawo m'chiuno, wina atanyamula gitala. Lisiate anali kutsogolo, thumba la kava ataligwira ndi manja awiri ngati khanda. Anali atameta. Mtima wa Kalolaine unayamba kuvina wokha.

Koma a Sekope sanatsegule geti.

"Wabwera, mwana wanga," anatero mofatsa.

"Tabwera, bambo. Tabwera kudzapempha..."

"Dikira. Usanapemphe, ndifunse ine. Abambo a Siutiti andiimbira lero m'mawa. Akuti amva kuti ukubwera kuno, ndipo akudabwa. Akuti tsiku la kava ya alendo lija, azakhali ako anasiya mkeka kwawo. Osati wokhalira, iyayi. Mkeka wosalala uja, wa banja lanu, umene amayi a bambo ako analukira mkazi wa mdzukulu wawo. Akuti anaulandira, ndipo auika kale pansi pa matiresi."

Wa gitala uja anatsitsa gitala pansi. Pabalaza, amayi anasiya nyimbo pakati.

"Ine zonena anthu sindimva," anapitiriza a Sekope. "Lamlungu ananena za mwana wanga, Lachinayi zinagwa zokha. Ndikufuna ndimve kwa iwe. Unkadziwa?"

Kalolaine anagwira galasi la windo. Linali lofunda ndi dzuwa. Nena ayi, anapemphera mumtima. Nena kuti anachita kumbali, iwe osaona. Ngakhale kamodzi kokha, ndikhulupirira.

Lisiate anayang'ana kuwindo. Sakanatha kumuona kuseri kwa katani, koma anayang'ana pamalo penipeni pamene Kalolaine anaima.

"Ndinanyamula ndine kuchokera m'galimoto, bambo," anatero. "Unali wokulunga m'nsalu. Anandiuza kuti ndi mphatso ya alendo. Ndinazindikira atauyala."

"Atauyala unanena chiyani?"

Lisiate anaweramitsa mutu.

A Sekope anausa moyo. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinawawa kuposa kukalipa.

"Mapanga awiri avumbwitsa, mwana wanga. Sindikukuda. Koma Kalolaine sangasungunule kava ya mwamuna amene mkeka wake ukugona kunyumba ina. Pita nalo thumba lakolo, kava siola msanga. Mkekawo ukadzatuluka kumeneko, udzabwere nawo ndidzauone ndi maso angawa. Tsiku limenelo geti ndidzakutsegulira ndekha."

Anyamata anayamba kubwerera kumagalimoto mwakachetechete, mmodzimmodzi. Lisiate anatsala ataima, thumba lili pachifuwa.

Kalolaine anakhala pansi pamkeka, miyendo atapindira pambali monga anaphunzitsidwira, kutsogolo kwake kuli mbale ya madzi oyera opanda kanthu. Bambo ake anali atamusiyira Lisiate mpata, inde. Koma iye ankadziwa, Lisiate ankadziwa, ngakhale anyamata a m'magalimoto aja ankadziwa, kuti mkeka wotere sabweza mnyamata. Amakautenga ndi amene anaupereka, ndi manja ake, atagwada pamaso pa eni nyumba.

Ndipo azakhali 'Akanesi chibadwireni sanagwadirepo munthu.